Mpeni Wotsiriza wa a Kachingwe

Panali munthu wina wa m'tauni amene ankakonda mipeni kuposa mmene ena a inu mumakondera mpira. Osati mipeni iliyonse ayi. Iye ankafuna ya a Kachingwe basi.

A Kachingwe anali mkulu wosula zitsulo pa kamsika kena ka kumudzi. Kuseri kwa chisakasa chawo kunali chibasi chimene chidafera pomwepo kalekale, ndipo mipeni yawo yonse ankaisula kuchokera ku masipuling'i a chibasicho. Chitsulo china ankachikana. Chogwirira ankasema cha mtengo wa phingo, ndipo patsinde pa mpeni uliwonse ankakhomapo timadontho titatu tondondozana, chizindikiro chawo. Mpeni wawo ukaugogoda ndi chikhadabo, unkalira ngati kabelu.

Chaka chonse ankasula isanu yokha, n'kuigulitsa tsiku limodzi, anthu akamaliza kukolola. Poyamba mpeni umodzi unkagulidwa ndi nkhuku. Anthu a m'tauni atamva mbiri yake, mtengo unakwera kufika pa mbuzi, kenako mbuzi zitatu. Tsiku logulitsa kamsika kankadzaza: magalimoto, fumbi, azibambo a matayi akukankhana ngati akukwera minibasi. Dzuwa lisanafike pamutu, a Kachingwe ankatola khala n'kulemba pachitseko mawu amodzi okha: YATHA.

Munthu wathu uja mawu amenewo ankawaopa. Kawiri konse anafika n'kuwapeza atalembedwa kale, ndipo anabwerera kwawo chimanjamanja. Ndiye anaphunzira kulawirira, thumba lili lodzaza. Patapita zaka anali nayo isanu ndi umodzi.

Mukanaona mmene ankaisungira! Anaigulira kabati yagalasi, n'kuiyalira nsalu yofiira. Loweruka lililonse ankaipaka mafuta. Mlendo akabwera, ankayamba waona mipeni asanapatsidwe madzi akumwa. Tsiku lina mkazi wake anatengako umodzi kuti adulire anyezi, ndipo phokoso lake analimva ndi a nyumba yachitatu.

Chaka china kunamveka uthenga umene unagwedeza onse okonda mipeniyo. Chibasi chija chatsala ndi sipuling'i imodzi. Maso a a Kachingwe ayamba kuchita khungu. Chaka chino asula mpeni umodzi wokha, wotsiriza, ndipo sadzasulanso. Uthengawo unali ndi mchira wake: aliyense amene adagulapo mpeni wawo abwere nawo.

Munthu uja anadumpha ndi chimwemwe. Ndani wina anali nayo isanu ndi umodzi? Anakulunga mipeni yake mu nsalu yofiira ija, nauza mkazi wake kuti asiye malo pakati pa kabati.

Tsikulo linafika, ndipo kamsika sikanaonepo khamu lotero. Ena anakwera pamwamba pa chibasi kuti aone bwino. A Kachingwe anatuluka pang'onopang'ono, nasolola mpeniwo m'chimake, naukweza m'mwamba. Dzuwa litaugunda, khamu lonse linangoti, "Eee!" Mitengo inayamba kuwuluka. Uyu akuti mbuzi zisanu, uyo akuti njinga yamoto. Munthu uja anadikira onse atope, kenaka anakweza dzanja.

"Ng'ombe yamkaka ndi mwana wake yemwe!"

A Kachingwe anangogwedeza mutu, nati, "Zamtengo tikambirana. Poyamba ndione ana anga."

Munthu uja anafunyulula nsalu yake patebulo. Mipeni isanu ndi umodzi, yonse kung'anima, yopanda ndi kachipsera komwe. Anthu anaomba m'manja. Mkulu uja anaitenga umodzi umodzi, kuiyandikitsa kumaso, kuyendetsa chala pamsana pake.

"Imeneyi idadulapo chiyani, bambo?"

"Palibe, achikulire!" anayankha monyadira. "Ngakhale tomato sidamukhudzepo. Ili momwe mudandipatsira."

A Kachingwe anaibweza patebulo. Anafunsa ngati panali winanso.

Kumbuyo kwa khamulo kunali mayi wina, a Nangozo, wogulitsa nyama ya mbuzi pamsika womwewo. Iwo sanabwere kudzagula. Akanagula ndi chiyani? Anangomva kuti wosula mipeni akuitana, ndiye anabwera ndi wawo. Anzawo anawakankhira kutsogolo, ndipo anafika akuchita manyazi, nagwada pang'ono.

"Pepani bambo, wangawu musauone n'komwe. Watha."

Atautulutsa m'nsalu, anthu anaphulika kuseka. Mpeniwo unali utaonda ngati tsamba la bango, pakati utakumbika ndi mwala wonolera. Chogwirira chinali chomangidwa ndi mphira. Mwa timadontho titatu tija, tiwiri tinali titapita ndi kunola, n'kutsala kamodzi kokha m'mphepete.

A Kachingwe anaulandira ndi manja awiri. "Mudautenga liti?"

"Chaka chimene ndidabereka mwana wanga woyamba. Ndidakupatsani nkhuku yoyera ija."

"Wasenda mbuzi zingati?"

"Aa, ndani adawerenga, bambo? Ana anayi aphunzira sukulu ndi womwewu. Kukagwa maliro amadzabwereka, paukwati amadzabwereka. Sugona m'nyumba masiku atatu otsatizana."

Abale anga, mkulu uja anavina! Munthu wa ndodo, maso akhungu, anavina pafumbi pomwepo, kampeni kotha kali m'mwamba, misozi ikutsika. "Watha! Taonani nonse, wanga watha! Zaka makumi atatu ndakhala ndikupsa manja pamoto uwu, lero ndiye ndaona chimene ndinkasulira."

Ndipo anatenga mpeni watsopano uja, naupereka m'manja mwa a Nangozo. "Mtengo wake ndi wakalewu. Mwalipira kale."

Munthu uja anakweza mawu. "Achikulire, mwina simunamve bwino. Ndati ng'ombe! Ng'ombe ndi mwana wake!"

"Ndamva, bambo. Koma inu muli nayo isanu ndi umodzi yatsopano. Wachisanu ndi chiwiri mudulira chiyani? Amayiwa mawa m'mawa ali ndi mbuzi yosenda."

Atatero anatola khala, napita pachitseko, nalemba mawu aja kotsiriza. Amayi apamsika anawazinga a Nangozo ndi nthungululu mpaka kukafika nawo pamalo awo ogulitsira. Munthu uja anatsala patebulo ndi mipeni yake yonyezimira, akuwerenga chitseko.

Mwaseka, ndipo ndakuonani. Koma musamuseke kwambiri, chifukwa ena mwakhala pano makabati anu ndi aakulu kuposa ake. Wina ali ndi mawu oimba amene amatuluka kubafa kokha. Wina adaphunzira mpaka mapepala kudzaza khoma, koma mwana wa m'nyumba yoyandikana akulephera masamu chaka chachitatu. Wina manja ake amadziwa kumanga, ndipo denga la mayi ake likudontha. Mumati mukusunga, kuopa kutha. Kutha mudzatha ndithu, nonse, ndi ine ndemwe. Tsiku lidzafika limene Iye amene adakusulani adzati, "Ndione ana anga." Ine ndikupempha kuti pa tsikulo ndidzafike nditaonda, nditakumbika pakati, nditamangidwa ndi mphira, chizindikiro chake chitatsala kadontho kamodzi. Nanga inu, akadzakufunsani kuti mudadulapo chiyani, mudzayankha kuti bwanji?