Nyani Amene Anachapa Ndowe

Padangokhala, kalekale nyama zikadaweta nyama zinzake, Nyani ndi Nkhumba anamanga moyandikana m'tsinde mwa phiri. Nyani anali ndi khola lodzaza ng'ombe. Nkhumba anali ndi kang'ombe kamodzi, kotsimphinanso.

Koma Nyani ankanyansidwa ndi ndowe. M'mawa uliwonse ankaima pakhola atatsina mphuno, n'kukuwa: "Achimwene a Nkhumba! Bwerani mudzatenge ndiwo zanu!"

Nkhumba ankabwera ndi wilibala n'kuwola zonse psiti. Nyani n'kumaimba:

Manja angawa ngodyera,
sagwira za kumbuyo!

Zaka zinapita. Mitengo ya m'phiri inathera ku makala, mvula n'kukokolola nthaka. Chimanga cha Nyani chinayamba kuthera m'mawondo, chachikasu ngati chodwala. Mkazi wake, Nachisale, ankalawirira kunkhuni, n'kubwera dzuwa litapendeka ndi timitengo tosapsetsa ngakhale phala la mwana.

Koma kwa Nkhumba chimanga chinali bii, ndipo nyemba zinkanunkhira popanda utsi. Nyani anakasuzumira kukhitchini. Moto ukuyaka pachitsulo, nkhuni palibe!

"Achimwene, mwayamba liti ufiti?"

"Ufiti wake ndi ng'ombe zanu zomwe," anatero Nkhumba. Anamuonetsa dzenje lomangidwa ndi njerwa, lotsekedwa pamwamba ngati chulu. "Ndowe zija ndimazivundula ndi madzi n'kuthira muno. Zikamaola zimatulutsa gasi, ndiye akudutsa mupaipi umu kukayaka kukhitchini. Phala lotsala limatulukira uku, ndiwo manyowa a kumunda. Koma mverani. Dzenjeli lili ngati mimba ya ng'ombe, lili ndi moyo. Muzilidyetsa ndowe ndi madzi basi."

Nyani anathamanga. Anakumba, anamanga, anamata, dzenje lake kuposa la Nkhumba. Tsono inafika nthawi yovundula. Fungo litamugunda, anabwerera chambuyo.

"Ine kuphikira moto wa zonyansa? Ayi. Ndowe zanga ziyambe zasamba."

Anatenga sopo waufa wodzaza ndowa, ndi mankhwala ophera tizilombo m'chimbudzi, n'kukhuthulira momwemo, akuvundula ndi nsungwi yaitali.

"Bambo a mwana," anatero Nachisale, "paja a Nkhumba anati madzi basi."

"Iwe, Nkhumba angandiphunzitse ukhondo ine?"

Thovu linafufuma, lonunkhira bwino. Nyani anayatsa machesi, zii. Mawa lake, zii. Mwezi unatha, zii. Tizilombo tosaoneka timene timaoletsa ndowe tinali titafa tonse. Mimba ija anali ataipha yekha.

Kukafunsa, manyazi. "Zabodza zimenezi," anauza mkazi wake, n'kutseka khola kuti Nkhumba asadzatolenso kanthu. Ndowe anazisiya kuti mvula izikokolole.

Chaka chimenecho munda wake sunabale. Nkhumba anamugawira lichero lero, lichero mawa, koma nkhokwe imodzi siidyetsa makomo awiri. Nyani anayamba kusinthitsa ng'ombe ndi chimanga kwa amalonda. Inapita yakuda. Inapita ya mawanga. Mwana atayamba kutupa mapazi, inapita yomaliza, ya mkaka.

Pamenepo Nyani anapita kwa Nkhumba, mchira pansi, atatambasula manja.

"Achimwene, ndagonja. Manja ndi awa. Ndigwira."

Nkhumba anati: "Si zovuta. Tsukani dzenje, muyambirenso. Ndikanakugawirani, koma chitsekereni khola lanu, kang'ombe kanga kakulephera kudyetsa ngakhale dzenje langa. Inu ndowe muli nazo?"

Nyani anathamangira kukhola. Munali mbee, moyera monga ankafunira masiku onse aja. Anagwada, anapalasa ndi manja odyera aja, anapalasa, ananunkhiza. Fumbi lokhalokha.

Nachisale anaima pakhomo la khola, mwana kumsana. Anangoyamba ulendo wa kuphiri, Nyani n'kumutsata pambuyo.

Ndiye mukaona anyani lero akudya zosaphika, akugudubuza miyala n'kumanunkhiza pansi, musawaseke kwambiri. Akufunafuna zomwe zija.

Ana inu, chimene ukuchitsinira mphuno lero, mawa udzachifuna ndi manja awiri.