Tsiku Limene Foni ya a Tahiru Inagona

Pakhomo pa a Tahiru, kufupi ndi pamene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja, nkhani inayamba ndi mpunga. Chaka chimenecho unabereka mochititsa kaso, ndipo mayi Habiba, akazi awo, atagulitsa matumba anagawa ndalama pawiri, theka lawo, theka la abambo. Onse awiri mtima unali pa chinthu chimodzi: foni yamakono, zija zongokhudza ndi chala, munthu n'kumaona nkhope ya amene akulankhula naye.

A Tahiru anali ogula nsomba kwa asodzi padooko n'kukagulitsa pamsewu kwa a magalimoto. Kunena zoona, anali munthu wabwino mtima, wosamana. Nthenda yawo inali imodzi yokha, matama. Akagula nsapato zatsopano, mudzi wonse unkadziwa ndi kayendedwe.

Atafika m'sitolo ina ku boma anapeza a Steward, wogulitsa mafoni, munthu wa lilime lothira mafuta. Anayala mafoni awiri patebulo. Ina inali yaing'ono, yosaoneka bwino kwenikweni, yogula lero n'kuiwalako. Inayo inali yaikulu ngati chikhatho cha msodzi, yonyezimira, ya maso atatu kumsana.

"Iyi, bwana, simufunika kuvutika nayo," anatero a Steward. "Mungosiya kangachepe lero, mutenge. Kenako tsiku lililonse muzilipira pang'ono, mtengo wa kamulu ka usipa basi. Mukadumphitsa tsiku, foni imagona. Mukalipira, imadzuka."

"Nanga mwera ukaomba, asodzi osalowa m'madzi?" anafunsa mayi Habiba. "Foniyo imadziwa zoti kunja kuli mwera?"

A Steward anangoseka. Mayi Habiba anamasula mfundo ya chitenje, nagula kafoni kakang'ono kaja, n'kunyamuka kukaona wodwala kuchipatala. A Tahiru anati atsalira pang'ono, akuganizabe.

Madzulo anafika pakhomo ndi foni yaikulu ija m'manja, mkanjo watsopano m'jumbo, ndi kofiya yopeta pamutu.

"Ndaonjezera ndalama ya nsomba, ndagula kashi," anatero asanafunsidwe n'komwe. "Ine za ngongole ayi. Inu mayi a Jamali mwagula chiyani ichi? Foni kapena kasopo?"

"Oo," anatero mayi Habiba.

Aliyense amene anakhalapo pabanja akudziwa kuti "oo" wa mkazi si kuvomera. Koma a Tahiru, atakhala pabanja zaka zonsezo, anamumva ngati kuwomba m'manja.

Miyezi yoyamba inali ya ulemerero. Padooko asodzi ankaima pamzere ndi mpasa m'manja kuti ajambulidwe. Kumzikiti a Tahiru ankachedwa dala kuzimitsa foni pakhomo, kuti obwera m'mbuyo aione bwino. Aliyense wofunsa mtengo ankamuyankha ndi mawu amodzi, kashi, uku akupukuta galasi ndi mkono wa mkanjo.

Chimene anthu sankadziwa n'chakuti m'mawa uliwonse a Tahiru ankapalasa njinga kupitirira ejenti wa pamsika wawo, mpaka kwa ejenti wa mudzi wachitatu, kumene kunalibe wowadziwa, kukalipira foni. Kunyumba ankati akukawongola miyendo. Anali ataweta mbuzi yosadya udzu, yongodya ndalama, ndipo inalibe tsiku losala.

Tsono a Tahiru anali ndi mphwawo, Zulfa, mwana wa mlongo wawo, amene anamulera kuyambira ali wamng'ono. Mtsikanayo anatomeredwa ndi Nasiru wa ku Kanyenda, amene ankagwira ntchito m'sitolo ya mmwenye ku Joni. Nasiru sakanatha kubwera, chifukwa akanati achoke, pobwerera akanapeza malo ake atalowa wina. Mabanja awiri anagwirizana kuti nika, ukwati wa Chisilamu, imangidwe mwini wake ali komweko, amalume ake, a Abdulhamid, amuimirire. Shehe anavomera, koma anaika lamulo limodzi.

"Ndimuone nkhope, ndimve ndi makutu angawa akunena kuti watuma amalume ake. Popanda zimenezo ine sindimanga kanthu."

Nasiru anati abwana ake amulola kanthawi kochepa masana, nthawi ya chakudya. Kupitirira apo, foni amatsekera m'kabati.

"Zimenezo zisiyeni m'manja mwanga," anatero a Tahiru pamsonkhanopo, akuika foni yawo pamphasa kuti onse aione. "Pa iyi mudzamuona mkamwini ngati wakhala pakhonde pano. Ngakhale chipsera cha katemera mudzachiona."

Mayi Habiba anati mwina kafoni kawonso kadzakhale pafupi. A Tahiru anayankha kuti pa nika ya mphwawo sipadzaoneka kasopo.

Kenako mwera unabwera. Unabwera monga umabwerera chaka chilichonse, wosapempha chilolezo kwa munthu. Nyanja inachita thovu, mabwato anakokeredwa pamchenga, asodzi anakhala pansi kusoka maukonde. Nsomba zinasowa, ndipo thumba la a Tahiru linauma gwa. Koma mbuzi ija inafunabe kudya.

Anakongola kwa mnzawo wina. Anagulitsa pampu ya njinga. Tsiku lina tambala wa pakhomo anasowa, ndipo a Tahiru analumbira kuti anaona ndi maso awo mphamba atamunyamula.

"Mphamba wonyamula tambala wamkulu chotere," anatero mayi Habiba akupeta mpunga, "akadzabweranso adzanyamula ine."

Apa m'pamene munthu wanzeru akanakhala pansi n'kunena kuti, mayi a Jamali, ndinanama, ndithandizeni. Mayi Habiba anali ndi kangachepe pamfundo ya chitenje, ndipo sakanawamana. Koma bodza lili ngati ukonde: ukalowetsa mutu, potuluka pamavuta. A Tahiru anasankha kukhala chete n'kumayang'ana kumwamba ngati mphepo ingaleke.

Tsiku la nika linafika mwera ukuombabe. M'thumba mwa a Tahiru munatsala ndalama yokwana kulipira tsiku lomwelo basi, ndipo anali atagwira kale njinga kuti akawongole miyendo. Nthawi yomweyo alendo a ku Kanyenda anatulukira, a Abdulhamid patsogolo, munthu wamtali, wa ndevu zoyera ndi magalasi olendewera pachingwe.

"Asalamu alaikum!"

"Wa alaikum salamu! Fikani, fikani!"

Ali mkati mopatsana moni, mayi Habiba anabwera n'kugwada mwaulemu wonse. "Bambo a Jamali, shuga wa tiyi wa alendo wachepa."

Pamaso pa apongozi, mwamuna wogula foni kashi anganene kuti alibe ya shuga? A Tahiru anapisa m'thumba, natulutsa ndalama ija ngati akutulutsa dzino, n'kuipereka akumwetulira. Mumtima anadzitonthoza kuti makina nawonso ali ndi chisoni, sangagone dzuwa lili pamutu.

Masana anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa mango, abambo mbali iyi, amayi mbali iyo, Zulfa pakati pa azakhali ake atafunda nsalu mpaka kumaso. Foni anaikhazika pampando, pamwamba pa pilo, ngati mlendo wolemekezeka. Shehe anakonza pakhosi. A Tahiru anapinda mkono wa mkanjo, nakhudza galasi ndi chala.

Panatuluka chithunzi cha loko, ndi mawu pansi pake.

A Tahiru anaivundikira ndi chikhatho msangamsanga ngati agwira chiwala.

"Netiweki," anatero. "Mwera uwu ukuulutsa netiweki. Dikirani pang'ono."

Anaimirira n'kuyamba kuyenda foni ili m'mwamba, galasi litayang'ana kwa iwo okha. Anazungulira nyumba. Anapita kuseri kwa nkhokwe. Anthu, pofuna kuthandiza, ananyamuka n'kuwatsatira, wina akuti kuchitsime imagwira bwino, wina akuti ayi, pachulu. A Tahiru anakwera pachulu. Pamwamba pake mwera unawalandira bwino: unakweza mkanjo mpaka m'mawondo, amayi n'kuyang'ana kumbali, kenako unatenga kofiya yopeta ija n'kukaiponya m'munda wa chinangwa.

"Nthawi ikutha, a Tahiru," anatero shehe ali pansi. "Mnyamata uja abwana ake amuitana."

"Bweretsani kuno, ine ndine wamtali," anatero a Abdulhamid, ndipo a Tahiru asanaganize bodza lina, foni inali m'manja mwa mlendo. Mkuluyo anaikweza m'mwamba, kenako anaitsitsa, navala magalasi. Anali munthu wozolowera kuwerenga zolengeza kumzikiti, choncho anawerenga mokweza, pang'onopang'ono, kuti ndi akumbuyo omwe amve.

"Okondedwa kasitomala. Foni iyi yatsekedwa chifukwa simunalipire ngongole ya lero. Lipirani kuti itsegulidwe."

Ngakhale mwera unakhala ngati waima kuti umve bwino.

"Si paja munati kashi?" anafunsa msodzi wina amene anajambulidwapo ndi mpasa.

A Tahiru anangoima pachulu paja, mutu wopanda kofiya, atagwira mkanjo kuti usauluke.

A ku Kanyenda anayamba kung'ung'udza. Mayi wina anati ngati amalume anganame pa foni, pa mkwatibwi anena zoona zingati? Wina anati minibasi yamasana isawasiye, nkhaniyi idzaonedwe mwana wawo akadzabwera, kaya chaka chamawa, kaya china. Ena anayamba kufunafuna nsapato zawo. Pansi pa nsalu paja mapewa a Zulfa anayamba kugwedezeka. Mwanayo ankalira, ndipo kulira kwakeko kunawalasa a Tahiru kuposa kuseka kwa mudzi wonse. Anamulera okha, ndipo tsopano ukwati wake unali kupasuka chifukwa cha ndalama ya kamulu ka usipa.

Mayi Habiba anapukuta manja, namasula mfundo ya chitenje, natulutsa kasopo kaja.

"Ashehe, kaya aka kangathandize. N'kakang'ono, koma sikagona."

"Nanga nambala ya mnyamatayo?" anafunsa shehe. "Si ili m'foni yotsekedwayi?"

Pamenepo, kuchokera pansi pa nsalu, mkwatibwi amene tsiku lonse sanayankhe ngakhale moni chifukwa cha manyazi anatchula nambala yonse ya ku Joni, kuyambira koyamba mpaka kotsiriza, osapumira. Amayi anaphulika nako kuseka. Ngakhale mayi wa minibasi uja anakhalanso pansi.

Kafoni kanalira kawiri, ndipo Nasiru anatulukira, nkhope yake yaing'ono ngati khobidi, kumbuyo kwake mashelefu a zitini. Chipsera cha katemera sichinaoneke. Shehe anachita kutsinzina diso limodzi kuti amuone bwino, koma anamuona, ndipo anamumva akunena momveka kuti watuma amalume ake. Mawu ofunika atangotha, kunamveka wina akukalipa m'Chingerezi, Nasiru n'kuzimiririka. Nika inamangidwa, nthungululu zinamveka mpaka kumsewu.

A Tahiru anatsika pachulu mwakachetechete, akuganiza kuti anthu awaiwala. Koma a Abdulhamid anali atakatola kofiya ija m'chinangwa. Anaikuntha fumbi, naitembenuza, naponyamo khobidi.

"Abale, lero takhala banja limodzi," anatero ndi nkhope yosaseka. "M'banja wina akadwala timasonkha. Foni ya asebere athu yakomoka. Tiyeni tiidzutse."

Kofiya inayenda dzanja ndi dzanja, kwa abambo ndi kwa amayi komwe, aliyense akuponyamo kanthu ndi mawu ake. Wina anati ipole msanga. Wina anati aipatse phala. Itafika kwa mayi Habiba, anaponyamo chenji cha shuga uja.

"Iyi ndi yanu yomwe, bambo a Jamali. Ndipo mawa musavutike kupalasa mpaka mudzi wachitatu. Ejenti wa kumeneko ndi mwana wa msuweni wanga."

Foni inadzuka anthu atatsala pang'ono kumaliza mpunga. Inalira mokweza, monyadira, ngati palibe chinachitika. A Tahiru anafuna kuibisa, koma a Abdulhamid anali atavala kale magalasi.

"Zikomo polipira," anawerenga mkuluyo. "Musaiwale kulipiranso mawa."

Mwera unaomba sabata ina yathunthu, ndipo foni inagona masiku ambiri kuposa amene inadzuka. A Tahiru akafuna kufunsa a magalimoto ngati akubwera, ankaima pakhomo la khitchini n'kukhosomola kaye.

"Mayi a Jamali, tandibwerekani foni yanu ija."

"Iti? Ine foni ndilibe. Ndili ndi kasopo."

Ankawabwereka ndithu, koma atawasiya kaye aime pang'ono, chifoni chawo chikuwalemera m'thumba la mkanjo ngati mwala wa ukonde. Anali atachigwira m'manja miyezi yonseyo, akuchipukuta, akuchigoneka pa pilo, koma sichinakhalepo chawo ngakhale tsiku limodzi. Akuluakulu sananame: fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.