Akaunti Yofuna Manja Awiri

Pa Mponela panali munthu wina wamalonda. Ankagulitsa simenti, malata, misomali ndi penti. Sitoloyo sanaiyambe yekha. Anaiyamba ndi mng'ono wake wa bere limodzi, dzina lake Yotamu. Anayambira pa kabenchi ka misomali yoyeza ndi mbale, kenaka anapeza kachipinda, mpaka anamanga sitolo yeniyeni ya zitseko ziwiri. Ndalama ankasunga ku banki, mu akaunti imodzi ya mayina awiri.

Tsiku lina Yotamu anatenga galimoto ya pasitolo osapempha, kukathandiza pa maliro kwawo kwa mkazi wake. Pobwerera galimotoyo inagwera m'ngalande n'kuphwanyika kutsogolo konse. Palibe amene anavulala, koma mawu amene anatuluka pambuyo pake anavulaza kuposa ngoziyo. Mkulu uja ananyoza mng'ono wake pamaso pa ogula ndi onyamula simenti. Yotamu anayankha kuti watopa kukhala ngati waganyu pa chuma chimene nayenso anachikhetsera thukuta. Pamenepo mkuluyo anati, "Kuyambira lero ine ndilibe mng'ono."

M'mawa mwake, mtima ukadali wotentha, anapita ku banki kukawauza kuti mu akaunti ija musatuluke ngakhale tambala pokhapokha atasayina onse awiri. Munali mutatsala zochepa, poti anali atangooda katundu, koma iye ankafuna kumukhaulitsa basi. Anatsegula akaunti ina ya iye yekha. Nambala ya Yotamu ndi ya mkazi wake anazitseka m'foni kuti zisamalowe. Yotamu anasamuka ndi banja lake kupita kumudzi, cha ku Nambuma, n'kuyamba kulima soya. Mvula inagwa, inakata, inagwanso, abale aja osaonana.

Kenaka mwayi unabwera. Kampani ina yokonza msewu inamanga msasa pafupi ndi tauniyo. Anthu ake ankagula katundu wambiri, koma sankayenda ndi ndalama m'thumba. Ankalipira ndi khadi la ku banki. Wamalonda uja anakumbukira kuti m'kabati muli kamakina kolandirira makhadi kamene anakatenga kalekale, koma kankangokhala, poti ogula ake ankakonda kulipira ndalama zogwirika. Anakapukuta fumbi, anakatchaja, kanayaka.

Wogula akalowetsa khadi n'kudina manambala ake achinsinsi, kamakinako kankalira pang'ono n'kutulutsa lisiti losonyeza kuti ndalama zadutsa. Malole ankapakira simenti. Mwini sitolo ankaima pakhomo, manja m'chiuno, akumwetulira.

Koma akayang'ana akaunti yake pafoni, munalibe cholowa.

Poyamba sanade nkhawa. Anaimbira ku banki, ndipo anamuuza kuti adikire masiku angapo ogwira ntchito, poti Loweruka ndi Lamlungu sawerengera. Anadikira. Ataimbanso anamuuza kuti mwina ndi netiweki. Anazimitsa kamakina, anakayatsanso. Anatuluka nako panja n'kukakweza m'mwamba ngati munthu wofuna kukaonetsa kwa dzuwa. Anapita ku msasa wa kampani ija, ndipo wosunga chuma kumeneko anamuonetsa kuti kwa iwo ndalama zinkachoka tsiku lomwelo logula. Wamalonda uja anayamba kukayikira mayi wa pakauntala amene anagwira naye ntchito zaka zambiri, mpaka mayiyo analira. Anafika pokanyamula kamakinako kupita nako kwa mneneri wina kuti akakadzoze mafuta, poganiza kuti adani amulodzera malonda.

Katundu ankatuluka, ndalama osalowa. Mashelefu anayamba kuonetsa nthiti. Amene ankamupatsa katundu ku Lilongwe anati sapakiranso kanthu asanalipire. Mwezi unatha antchito osalandira.

Potsiriza anaika malisiti onse m'jumbo, ananyamula kamakina, n'kupita yekha ku banki. Mayi wina wa padesiki anatenga nambala ya kamakinako, anayang'ana pa kompyuta kanthawi, kenaka anadzutsa mutu.

"Bambo, ndalama zanu sizinasowe. Zonse zilipo."

"Nanga zili kuti?"

"Kamakina aka kanalembetsedwa ku akaunti yakale, ya mayina awiri ija. Ndiko zakhala zikugwera. Kuyambira lero tikhoza kukasinthira ku akaunti yanu yatsopano, koma zimene zinalowa kale sizingatuluke popanda a Yotamu."

Wamalonda uja anafunsa, "Palibe njira ina?"

"Loko ameneyu munakhoma ndinu, bambo. Mungobwera nawo. Ndi ntchito ya m'mawa umodzi."

Anatuluka mu bankimo. Patsidya pa msewu panali njinga zamoto zonyamula anthu opita kumidzi, ndipo akabaza ankamukodola. Anaima n'kumaziyang'ana. Njira ankaidziwa. Koma mumtima anati, ine ndikagwadire mwana amene ndinkamubereka kumbuyo? Anatembenuka n'kubwerera ku sitolo.

Anapita kwa loya, ndipo loya anamuuza zomwezo atamudyera ndalama. Anapempha kuonana ndi mkulu wa banki, yankho linali lomwelo. Anagulitsa puloti. Anakatenga katapila. Mkazi wake anayesa kumulankhula. "Bambo, ku Nambuma n'kufupi kuposa konse kumene mukuzunguliraku." Iye anayankha kuti, "Akamva kuti ndavutika adzandiseka." Ndipo ankati ndipita mwezi wamawa, ndipita akakolola, ndipita mtima ukatsika. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tsiku limene akatapila anabwera kudzanyamula mipando ya pabalaza, ana ake akuona, ndi pamene anagonja. Sichinali chikondi chimene chinamukweza pa njinga yamoto ija. Linali tsoka. Pepala la ku banki loti Yotamu akasayine analipinda m'thumba la malaya. Njira yonse ankakonza mawu oti akanene, mawu opanda kupepesa. Ankati ndikangomuuza kuti muli gawo lake, asayine, aliyense aziona zake.

Atafika anadabwa kuona munda wa soya uli tchire, khola lopanda mbuzi, denga la khitchini litagwa mbali imodzi. Mkazi wa Yotamu, Nachisale, anali kusinja mankhwala pa kamtondo. Atamuona anasiya musi, anapukuta manja pa chitenje.

"Mwabwera, alamu," anatero. Anangomutsogolera kuseri kwa nyumba.

Pamthunzi, pa mphasa, panagona munthu wowonda, atamuchirikiza ndi mapilo. Wamalonda uja anachedwa kumuzindikira. Yotamu anagwa m'munda nthawi yokolola. Matenda a sitiroko anamupha mbali yonse ya kumanja. Dzanja linali lende, pakamwa popotoka, mawu atapita.

"Bwanji simunandiuze?"

"Tinaimba, alamu. Tili ku chipatala ndinaimba mpaka foni kuthima moto. Sinkalowa. Ndinatumanso munthu, koma atangotchula dzina la ang'ono anu munamubweza asanamalize."

Anakumbukira. Anakumbukira bambo wina wa fumbi m'miyendo amene anaima pakhomo la sitolo tsiku lina malole akupakira, ndi m'mene anamuthamangitsira.

Mawu onse amene anakonza m'njira anasungunuka. Anagwada pa mphasa ija. Pepala la m'thumba analiiwala.

"Yotamu, ndine. Ndinakulakwira, mng'ono wanga. Undikhululukire."

Yotamu anamuyang'ana nthawi yaitali. Misozi inatsika mbali imodzi ya nkhope. Anatambasula dzanja la kumanzere, lamoyo lija, n'kugwira mkono wa mkulu wake mwamphamvu. Milomo inagwedezeka. Kukhosi kunatuluka phokoso, kenaka linanso. Mkuluyo anayandikiza khutu, anapempha kuti abwereze, anayandikizanso. Sanamve kanthu.

Anatembenukira kwa mlamu wake. "Akuti chiyani?"

"Sindikudziwa, alamu. Nanenso masiku ano ndimangoganizira."

Patapita nthawi a ku banki anatumiza anthu awo kumudziko, ndipo Yotamu anadinda chala cha kumanzere pamaso pa mboni. Ndalama zinatuluka zonse, osaperewera. Mkulu uja anamutengera mng'ono wake kwa madokotala a ku Lilongwe, koma iwo anapukusa mitu, nati akanabwera naye miyezi yoyambirira mwina lilime likanamasuka. Yotamu anamwalira mvula yoyamba itangogwa. Mkulu wake anamugulira bokosi labwino kwambiri, anatenga ana amasiye n'kuwaika pa sukulu. Sitolo inadzazanso. Koma munthuyo akakhala yekha ankabwerera pa mphasa ija, n'kumayesa kumva. Tsiku lina ankati, anati ndakukhululukirani. Tsiku lina ankati, anati mwachedwa. Anakalamba osadziwa.

Abale ndi alongo anga, ena a ife timapemphera, timapereka, timasala kudya, koma mtendere osalowa mumtima. Tikatero timafunsa kuti vuto lili pati. Timaloza kwa adani, timaloza kwa afiti, ena timafika ponena kuti Mulungu watiiwala. Timayendera mapiri onse a mapemphero, kusiya njira imodzi yokha, yopita kwa munthu amene tinayambana naye.

Mulungu sabera munthu. Chisomo chimene anakulonjezani sichinasowe, chilipo chonse. Koma mtima uli ndi khomo limodzi. Mukalikhoma kuti m'bale wanu asalowe, mwatsekeranso kunja mtendere wanu womwe. Ndipo loko ameneyo satsegulidwa ndi dzanja limodzi.

Aliyense pano akudziwa dzina limene lamufikira m'mutu pamene ndimalankhula. Mwina ndi mchemwali wanu, mwina ndi mwana wanu, mwina wakhala pa benchi ya kutsogolo kwanuko. Musadikire kuti mavuto akukankheni. Musadikire kuti ayambe ndi iyeyo. Kupepesa mukhoza kupepesa ngakhale pamanda, koma pamanda sayankha. Pitani lero, m'bale wanu akadali ndi pakamwa pokuyankhirani.