Khukhi Amene Anagula Nyumba ya Bwana Wake

Kudera lina la tiyi, m'munsi mwa phiri, kunali bambo wina amene anagwira ntchito ya ukhukhi zaka makumi atatu kunyumba kwa bwana wa esiteti. Nyumbayo inali ya matabwa, yokhala pa zipilala, ya khonde lalikulu kumaso ndi chitseko cha magalasi. Koma khukhiyo chitseko chimenecho ankachikhudza pochipukuta basi. Khomo lake linali la kuseri, kakhomo kakafupi koti munthu wamtali ankalowa chowerama. Pambali pake panali benchi pamene antchito ankadikirira kuitanidwa.

Tsiku lina, akadali watsopano pantchito, mvula inamupeza panjira, iye n'kuthawira pakhonde la kumaso. Dona wa nyumbayo anamuyang'ana kumapazi, naona matope, nati, "Zungulira kuseri." Mawu awiri okha, koma anamukhala mumtima ngati munga wothyokera m'phazi. Zaka zonsezo ankaphika, ankamwetulira, ankavomera kuti inde bwana, koma m'kati ankawira.

Esiteti ija itapeza eni atsopano, anafuna kugwetsa nyumbayo kuti amange ya njerwa. Khukhi uja, tsopano wa imvi ndiponso wopuma pantchito, anapempha kuti amugulitse. Anzake anamuseka kuti wagula nkhuni zodula, poti matabwa ambiri anali atafumbwa. Iye analipira ndithu. Mumtima mwake sankagula matabwa, ankagula khonde lija.

Malo kumudzi analibe, chifukwa anachokako kalekale. Mlongo wake wamkulu, mayi wamasiye, ndiye anamudulira munda wake wa mtedza, munda wachonde kuposa yonse imene anali nayo. Anati mwana wa mayi ake sangasowe pomanga iye ali moyo.

Mmisiri amene anaitanidwa kudzaphwasula nyumbayo anali wodziwa ntchito. Thabwa lililonse asanalizule ankalilemba nambala ndi khala, kuti likabwerere pamalo pake. Atafika kuseri anaima, nafunsa ngati kakhomo kaja ndi benchi yake n'zoyenera kunyamula. Anati kuli bwino azisiye, ndipo kumudziko nyumbayo akaitembenuze, khonde liyang'ane kumene kuli abale. Khukhi anakana kwamtuwagalu.

"Thabwa lililonse libwerere pamene linali," anatero. "Ndikufuna nyumba yomwe ija."

Thirakitala inayenda maulendo angapo, ndipo nyumba inaima pamunda wa mtedza, khonde kumsewu, msana kumudzi. Bamboyo anaigwirira ntchito, zimenezo tisamunamizire. Matabwa ofumbwa anasintha, malata odontha anachotsa, penti anapaka kawiri. Khonde ankalipukuta yekha chogwada, monga ankachitira kwa azungu, mpaka munthu n'kumadziona nkhope.

M'mawa wina, mvula itangokata, mlongo wake anabwera kudzalonjera nyumba yatsopano, dengu la ufa pamutu, nkhuku m'khwapa. Anakwera masitepe a kumaso akumwetulira, akuti mlongo wanga watichotsa manyazi. Bamboyo sanayang'ane dengu kapena nkhuku. Anayang'ana kumapazi, naona matope.

"Achemwali, zungulirani kuseri."

Mawuwo atatuluka anawazindikira. Anadziwa kuti anali a dona uja, anadziwanso mmene amawawira. Mpata wowabweza unalipo, poti mayiyo anaima kanthawi akumuyang'ana. Koma chomvetsa chisoni n'chakuti mawuwo anamukomera m'kamwa. Anawadikira zaka makumi atatu kuti nayenso adzawanene kwa munthu, ndipo munthu amene anapezeka pafupi anali amene anamupatsa munda.

Mayiyo anatsika masitepe, nazungulira, nakhala pa benchi ija. Anatula dengu, namanga nkhuku pamwendo wa benchi, nalawira mwaulemu. Sanakalipe, sanakadandaule kwa wina aliyense. Koma kumudzi nkhani siyenda ndi pakamwa pokha, pali amene anaona. Kuyambira tsikulo aliyense wobwera ankangolunjika kuseri, kupereka moni ali chiimire, n'kumapita. Patapita nthawi, ngakhale obwerawo anachepa.

Nanga khomo la magalasi ankalowerapo ndani? Palibe. Bamboyo analikiya kuopa fumbi, akuti ndi la alendo olemekezeka. Alendo olemekezekawo sanabwere. Ndipo mwini nyumba, akamachokera kumsika kapena kutchalitchi, miyendo inkamutengera yokha kuseri, n'kuwerama pakakhomo kaja monga mwa masiku onse. Mvula inagwa zaka zitatu, chitseko cha kumaso chinafufuma, penti n'kuchimatirira kufelemu.

Tsiku lina masana bamboyo anagwa m'chipinda, ziwalo za mbali imodzi zitafa, pakamwa patapotoka. Makutu okha ndi amene ankagwira. Amuna a m'mudzi anabwera ndi machila, galimoto yopita naye kuchipatala ikudikira pamsewu, kutsogolo kwenikweni kwa khonde. Anapeza kiyi, anapotokola, anakankha ndi mapewa, chitseko osasuntha. Wina anati abweretse nkhwangwa. Pamenepo mlongo uja, amene anali ataima panja pafupi ndi benchi, anayankhula motsitsa mawu.

"Musathyole chitseko cha abwana. Atulutsireni kuno, n'kumene amakudziwa."

Bamboyo anamva zonse. Machila sanakwane pakakhomoko, ndiye anamutsitsa, namunyamula chopendeketsa ngati thumba la chimanga, wina kumutu wina kumiyendo. Anamudutsitsa pa benchi, namuzungulitsa nyumba yonse kukafika kumsewu. Misozi inkayenderera m'khutu mwake. Kuchipatalako sanabwereko, ndipo pakhomo limene analigula ndi moyo wake wonse sanadutsepo ngakhale kamodzi.

Abale anga, munthu uyu anasamutsa nyumba, koma chipongwe chija sanachisiye kuesiteti. Anachilemba nambala, nachikweza pa thirakitala, nachikhomera pamalo pake. Ambirife tikuchita zomwezo. Tasintha mudzi, tasintha mpingo, ena tasintha banja, koma mawu amene anatipweteka tawasunga bwinobwino, tikudikira wotichepera kuti timulawitse. Amene anatilakwira anapita kalekale, mwina satikumbukiranso. Amene akulipira ndi mlongo, mkazi, mwana, anthu amene anatipatsa munda.

Ambuye akamatiombola, safuna kuti timangenso nyumba yomwe ija pamalo atsopano. Bala limene simunalipereke kwa Mulungu mudzalipereka kwa m'bale wanu. Lisiyeni kumene munalitenga, mutembenuze nyumba iyang'ane kwa anthu, mutsegule khomo la kumaso lero, miyendo ikadali yanu. Tsiku likubwera limene adzakunyamulani ena, ndipo adzakutulutsirani khomo limene inu munawaphunzitsa.