Mtsuko wa Nakhambi

Kalekale, mwana wanga, kudziko lina la mapiri kunali mpesa wotchedwa Nakhambi. Sunachokere kwina ayi. Unamera m'miyala ya komweko. Mphesa zake zinali zazing'ono, zakuda bii, za khungu lolimba. Ukaluma, khambi lokhalokha.

Amalonda atabwera ndi mipesa yachilendo yotsekemera, anthu anayamba kuzula Nakhambi. Anazula, anazula, mpaka unatsala umodzi, kuseri kwa nyumba ya Kadammanja.

Kadammanja anamwalira mphesa zikupsa. Mkazi wake, Nasimango, sanalire mofuula. Anathyola mphesazo, naziponda ndi makungu omwe, monga ankachitira mwamuna wake. Zinatulutsa vinyo wofiira.

Tsiku lometa litafika, anatungira anthu vinyoyo. Chidzanja, mng'ono wa malemu, analawa n'kulavula.

"Alamu, izi n'zofufutira zikopa. Mawa ndibwera ndi khasu tidzazule chimtengo chimenechi."

"Chilekeni, alamu, mpaka tidzamange chiliza cha akulu anu," anatero Nasimango. "Mukadzalavulanso tsiku limenelo, khasu ndidzakupatsani ndine."

Vinyo wotsala anamuthira mumtsuko, namata pakamwa ndi dongo, nakwirira patsinde pa mpesawo.

Mvula inagwa, mvula inaleka. Nasimango anapukwa fungo la mphesa limene linkamveka m'manja mwa mwamuna wake. Anayamba kufukula mtsuko uja. Pumbwa, mbalame imene inkadya mumpesamo, inati, "Mayi, Nakhambi sathamanga. Kwirirani."

Anakwirira.

Mvula inagwa, mvula inaleka. Chidzanja ankati akamadutsa ankafunsa, "Chiliza liti, alamu? Khasu langa likuchita dzimbiri." Nasimango anayambanso kufukula.

"Mayi, Nakhambi sathamanga. Kwirirani."

"Mpaka liti?"

"Mpaka mudzathe kutchula dzina la amuna anu mawu osanjenjemera."

Anakwirira.

Mvula inagwa, mvula inaleka. Tsiku lina akupalira patsindepo anangoti, "A Kadammanja ankaukonda mthunzi uno." Mawu anatuluka bwinobwino. Anayang'ana m'mwamba. Pumbwa anali chete.

Pamenepo anaitanitsa abale, namanga chiliza. Chidzanja anafika khasu lili paphewa. Nasimango anafukula mtsuko, naswa dongo lija, natunga. Chikho choyamba anapatsa mlamu wake.

Chidzanja analawa. Sanalavule. Khambi lija linali litafewa, kufiira kokha kuli chikhalire. Anamwanso.

"Alamu, ameneyu mwagula dziko liti?"

"Pamene mwaimapo."

Chidzanja anayang'ana pansi, nayang'ana mpesawo. Anatsitsa khasu.

"Mundidulireko kanthambi," anatero. "Khasuli ndikakumbire dzenje."

Aliyense anabwerera kwawo ndi kanthambi m'manja. Mapiri onse anadzazanso Nakhambi, ndipo dzikolo linatchuka ndi vinyo wake.

Wamva, mwana wanga? Chakwanu chikakuwawa m'kamwa, usathamangire khasu. Yamba wafunsa kuti chimafuna nthawi yotani.

Ine ndalekeza. Nthano yanga yathera pomwepo, patsinde pa mpesa.