Wagwira, Wagula

Kalekale, ana inu ndi inu akuluakulu, pamudzi wina panafika mlendo dzina lake Nanzikambe. Anaima pakhomo pa Mayi Njiwa, napempha kamchere kothira m'phala la mwana wake wodwala.

Mayi Njiwa anagwedeza chitini. Munali mutatsala kapansi. Anamukhuthulira konse.

"Pepani amayi, ndi komweko. Maokala onse adatseka chibwerere sitolo ya a Mvuu. Mukapitako, manja kumbuyo. Lamulo la kumeneko n'lakuti wagwira, wagula. Bambo a kuno adapita kukagula singano, phiko lidakhudza wailesi. Mpaka lero akukolopa momwemo kuti alipire wailesiyo."

Mwana anadya phalalo, koma kutacha mchere unafunikanso. Nanzikambe ananyamuka, mwendo kutsogolo, mwendo kumbuyo.

Sitoloyo inali phanga lopanda mathero. Chitseko chinatseguka chokha, fwaa! Mkati kuzizira, magetsi ngwee, nyimbo zikulira kudenga popanda woimba. Sopo yekha, mitundu yosawerengeka. Diso lina la Nanzikambe linapenya kumanja, lina kumanzere, koma mchere osaoneka.

Anapeza Bambo Njiwa atawerama ndi chokolopera, nthenga zili nyankhalala.

"Achimwene, mchere uli pati?"

"Dzulo unali apa," ananong'ona. "Amausuntha tsiku lililonse kuti muzungulire, mukhudze kanthu."

Tsono khungu la Nanzikambe linayamba kumuvuta. Pa sopo, biriwiri. Pa zitini za tomato, psuu. Pa mafuta ophikira, chikasu. Biriwiri, psuu, chikasu, mpaka chizungulire. Anafuna kutuluka, khomo osalionanso. Anaganiza za mwana uja ali yekha pamphasa, misozi ili lengelenge, ndipo anagwa pansi pafupi ndi shelefu ya zidole.

Atadziyang'ana, anaona kuti wafanana nazo zidolezo. Pomwepo kunamveka di! di! di! Nanzikambe anatseka maso, nauma gwa.

"Ndani akugwetsa katundu wanga?" anabangula Mvuu, namutola.

Nanzikambe anatsegula diso limodzi. "Mwandigwira, bwana."

"Iii! Chidole cholankhula!"

"Si chidole, bwana, ndine mayi wa mwana. Kodi lamulo la muno limati chiyani?"

Okolopa onse, Gwape, Nungu ndi Njiwa, anayankha pamodzi: "Wagwira, wagula!"

"Khalani chete, amphawi inu! Limenelo ndi la makasitomala!"

"Ndiye kuti lafa?" anafunsa Nanzikambe, mawu ali pansipansi. "Ngati lili moyo, mundigule, ndipo mtengo wanga ndi sitolo yonseyi. Ngati lafa, awa azipita kwawo."

Mvuu anayang'ana mashelefu ake, anayang'ana okolopa, anayang'ananso mashelefu. Thukuta kamukamu.

"Lafa! Lafa! Chokani!"

Zokolopera zinagwa, phwa phwa phwa. Bambo Njiwa sanathamangire kukhomo ngati anzawo. Anayenda pang'onopang'ono pambali pa Nanzikambe mpaka anaupeza mchere, kuseri kwa matayala a njinga. Nanzikambe anaugula, natulukira limodzi.

Maokala aja sanatsegulidwenso, ndipo sitoloyo ikadalipo, ikuzunguzabe anthu mitu. Koma tsiku lomwelo Mayi Njiwa, atatha kulira ndi kuseka ndi amuna awo, anapeza chitini chawo chili pakhonde, chodzaza mchere tho! Anayang'ana uku ndi uku, osaona munthu. Pakhoma pokha panali kachigamba kofanana ndi dothi, kakusuntha, mwendo kutsogolo, mwendo kumbuyo.

Nthano yathera pamenepa, kaphuleni mbatata zija zisanapserere. Koma inu okonda kuikira anzanu malamulo, muziyendanso manja kumbuyo.