Gologolo ndi Nyani M'nkhokwe ya Eni

Kalekale, inu ana ndi inu akulu, kunali Gologolo amene anapeza bowo pansi pa denga la nkhokwe. Eni ake anali atapita kumaliro kutali, ndi agalu omwe. M'katimo munali chimanga ndi mtedza. Gologolo anadya, nagona, nadzuka kudyanso, mpaka mimba inayamba kukwekwesa pansi.

Tsiku lina pabowo panada. Anali Nyani, akudzipanikiza kuti alowe. Anagwera m'kati, khu, nayamba kukukuta. Kukukuta, kukukuta, chimanga chikutsika, iye akufufuma. Pofuna kutuluka, mutu unadutsa, mapewa anadutsa, mimba gwa. Anabwerera chambuyo, nakhala pansi penipeni pa bowolo, ali wefuwefu.

Gologolo anayesa kuzemba. Koma thupi linali litalemera, ndipo polumpha anathera m'dzanja la Nyani.

"Iwe ndiwe ndiwo yanga," anatero Nyani. "Chimanga chouma chanditopetsa."

Gologolo anati, "Amalume, ine ndine mafuta okhaokha. Mukandidya, bowo lija muliiwale. Eni ake abwera, ndipo agalu awo mukuwadziwa."

Nyani anamasula zala pang'ono. "Nanga nditani?"

"Muonde. Musalawe kanthu, ngakhale njere. Musasunthenso, kusuntha kumaitana njala. Ine ndizichotsa chimangachi pafupi nanu, kuti fungo lisakuzunzeni."

"Chabwino. Koma tsiku lotuluka ndidzakudya, ndipeze mphamvu za panjira."

Nyani anakhala duu. Gologolo anayamba ntchito. Ankasolola chimanga pansi pa Nyani, kuchisenza, kukwera nacho mulu wa tsidya linalo, kutsika, kusololanso. Njala inkamuluma iyenso, pakuti zodya mokhuta anazisiya. Ankangolawa mtedza pang'ono ndi anankafumbwe otuluka m'chimanga.

"Wayamba kudya tizirombo?" anaseka Nyani.

"Ndi umphawi, amalume."

Mafuta a Gologolo anasungunuka, koma mnofu unalimba ngati chingwe chopota. Nyani naye ankaonda. Mimba inaphwa, ntchafu zinaphwa, mikono inaphwa, khungu lili lende ngati thumba lopanda kanthu. Sanazindikire kuti chimanga chikamachoka pansi pake, iye akutsika, bowo likutalikira. Komabe dzanja lake linali lalitali, ndipo maso ake sankachoka pa Gologolo. Gologolo ankayang'ana bowo, n'kuyang'ana dzanjalo, n'kubwerera pa ntchito. Lero ayi.

M'mawa wina galu anauwa kumunsi kwa munda. Wina anayankha. Kenako panamveka mawu a anthu.

"Afika," ananong'ona Nyani. "Bwera kuno, ndiwo yanga."

Miyendo ya Gologolo inafuna kuthawa, koma kothawira kunalibe. Anasendera pafupi. "Ndabwera, amalume. Koma yesani kaye bowo. Mukayamba n'kundimeza, mwina ndine ndemwe ndikutsekerezeni."

Nyani anaimirira movutikira. Anatambasula dzanja, bowo lili patali. Anati alumphe, koma zinangonyamuka zidendene zokha. Anayesanso, nagwa chagada, phi.

"Miyendo yanga yapita kuti?"

"Mwaidya nokha, amalume. Thupi likasowa chakudya, n'kusowanso ntchito, limayamba kudya mnofu wake."

Agalu anali atafika pansi pa nkhokwe, akununkhiza, akukanda nsichi. Nyani anaponya dzanja, koma linabwera mochedwa ngati la nkhalamba yothamangitsa ntchentche. Gologolo anaponda pamphuno pake, nadumphira pakhoma, nadumphanso, bowo psiti. Anadutsa padenga, nalumphira mumtengo wa mango, galu n'kungoluma mphepo.

"Mphwanga, ndikokeko," analira Nyani m'katimo.

"Bowo likukukwanani tsopano, amalume. Mungalowemo awiri."

Eni ake atakanganula denga, anapeza nyani wowuma ngati chikuni. Anamukokera pansi, zibonga zinalira, agalu anachita zawo. Nyani anapulumuka chokwawa, poti agaluwo anasowa pogwira mnofu. Koma kukhala pansi kuja kunamusiyira zikundu, ndipo ana ake akuyenda nazo mpaka lero.

Nthano yanga yakhala pansi pompa, inu musakhale nayo. Wofuna kupepuka achepetse m'mbale, koma ndiwo asazitaye, khasu asaligoneke. Ndipo wokuuzani kuti khalani chete muonde, muyambe mwaona zimene iye akusenza.